Mayi awakaniza nyumba ku South Bend, tikadandaule kuti?

Mlongo wa ku Michiana:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mayi anga ali ndi zaka 67, anabwera kuno ku Indiana, ku America, pa green card (chilolezo chokhazikika m'dziko muno) zaka zitatu zapitazo. Timawafunira kanyumba ka renti ku South Bend. Pafoni mwini nyumba anati ilipo, koma titafika n'kutiona nkhope, akuti yangotengedwa kumene. Mawa lake chikwangwani chotsatsa nyumbayo chili pomwepo. Ndamva kuti boma la Indiana lili ndi komishoni yoona za tsankho ndi ina ya okalamba. Tipite ku iti? Mawondo akuwavutanso, kusamba ndi kuphika sakukwanitsa ife tikapita kuntchito.

Wa Zamalamulo:
Pepani achemwali. Apa pali nkhani ziwiri, musaziike m'thumba limodzi.

Ya nyumbayo pitani nayo ku Indiana Civil Rights Commission, kapena ku South Bend Human Rights Commission pompo pafupi. Kudandaula n'kwaulere, loya safunika. Pa za nyumba muli ndi chaka chimodzi kuchokera tsiku lomwe zinachitika. Chikadutsa, ngakhale mlandu wake ukhale wooneka bwanji, saulandira.

Samalani polemba chifukwa. Lamulo la Fair Housing Act la 1968 limaletsa kusankha munthu chifukwa cha mtundu, khungu, dziko lochokera, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala ndi ana, ndi ulumali. Ukalamba mulibemo. Mukalemba kuti "anawakaniza poti ndi agogo", dandaulo lagwa pomwepo. Lembani za khungu ndi dziko lochokera.

Chimene chimapha milandu yotereyi ndi umboni wapakamwa pokha. Lero lomwe jambulani chikwangwanicho ndi foni, sungani malonda a pa intaneti tsiku lake likuoneka, lembani ola lomwe munaimba ndi mawu enieni amene anakuyankhani. Mabungwe ngati Fair Housing Center of Central Indiana amatumiza anthu awiri, mzungu ndi wakuda, kukafunsa nyumba imodzimodziyo. Wina akauzidwa kuti ilipo, wina kuti yatha, mwini nyumba amasowa pothawira.

Bambo a Ziwiri:
Kuonjezera pang'ono. Fufuzani ngati mwiniyo amakhala m'nyumba momwemo. Nyumba ya zigawo zinayi kapena zosakwana, mwini wake akukhala m'chigawo chimodzi, lamulo la 1968 siliigwira kwenikweni. Chotsala ndi lamulo lakale la 1866 loletsa tsankho la mtundu pa katundu, koma limenelo n'la kukhoti, loya afunika.

Namwino Wausiku:
Ine ndiyankhe za mawondozo. Achemwali, ku Indiana Commission on Aging musataye nthawi. Imeneyo ntchito yake n'kulangiza boma pa ndondomeko za okalamba. Siitumiza munthu kudzasambitsa mayi. Khomo loti mugogode ndi la Area Agency on Aging, ofesi yothandiza okalamba m'dera lanu, ndipo ya dera la South Bend ndi REAL Services. Mukasochera, imbani Eldercare Locator pa 1-800-677-1116, muwapatse zip code.

Pansi pa Older Americans Act ya 1965, wa zaka 60 kupita m'tsogolo akhoza kulandira chakudya chobweretsedwa pakhomo ndi thandizo la mayendedwe, ndipo safunsa kuti amapeza ndalama zingati, amangopempha chopereka mwakufuna. Palinso pulogalamu ya CHOICE yothandiza okalamba kukhalabe pakhomo m'malo mopita ku nursing home (nyumba yosamalirako okalamba), koma mndandanda wodikira umatha kutalika, lembetsani msanga.

A REAL Services akabwera kudzawayeza mayi kuti aone thandizo lomwe akufunika, mukhalepo. Makolo athu, mlendo akawafunsa ngati amatha kusamba okha, amayankha "ndili bwino mwanangu", pamene dzulo anakanika kutuluka m'bafa. Woyezayo amalemba zomwe wamva. Nenani za tsiku loipa kwambiri: amadzuka okha pampando? Amavala okha? Agwapo kangati?

Medicaid, thandizo la boma lolipirira chipatala anthu opeza zochepa, ndiyo musaiwerengere panopa. Wa green card amayamba wadikira zaka zisanu, malinga ndi lamulo la 1996, ndipo pa Medicare, inshuwalansi ya boma ya zachipatala ya okalamba, naponso ayenera kukhala zaka zisanu mosadukiza asanaloledwe kuigula ngati sanagwirepo ntchito kuno.

Wa Zamalamulo:
Anamwino andikumbutsa china. Mawondowo akafika pa ulumali, nyumba imene mupeze, ngati lamulo la 1968 lija likuigwira, mwini wake sangakane kuti muike zogwirira m'bafa, kungoti mtengo wake ndi wanu. Pemphani polemba kalata, muphatikize ndi ya dokotala, kope musunge.