Mbiya ikaphulika, gemu ikuimaima pa foni

Wophunzira_Kabwata:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndangolowa kumene ngati wophunzira pa kagulu kopanga magemu a pa foni muno mu Lusaka, ndipo andipatsa ntchito yopanga kuphulika kwa mbiya ya mafuta mu Unity, pulogalamu yopangira magemu. Pa laputopu zili bwinobwino, koma pa foni yotchipa ya Android gemu imatsika kuchoka pa 30 fps (mafuremu, kapena kuti zithunzi, 30 pa sekondi) kufika pa 14. Ma particle, tizithunzi topanga moto ndi utsiwo, alipo 400. Ndikulakwitsa pati?

VFX_Chilenje:
Mphwanga, usayambe ndi kuwerenga ma particle, yamba waona kukula kwake. Kautsi kalikonse ndi kachithunzi koonekera mkati, ndiye tikasanjikizana 40 pamalo amodzi, foni imapenta pixel yomweyo maulendo 40. Imeneyi ndiyo overdraw, ndipo GPU ya foni (kachipangizo kojambula zithunzi pa sikirini) imalefuka nayo msanga.

Mu Scene view sankha Overdraw, kapena ngati muli pa URP (njira ina ya Unity yojambulira zithunzi) tsegula Rendering Debugger. Pamene pakuyera mbee ndi pamene pali nthenda. Utsi utsitse ufike pa ma particle 6 kapena 8, kubwadamuka kwake kuchokere mu flipbook, chithunzi chimodzi chogawidwa m'mafuremu otsatizana. Ya 8x8 imakupatsa mafuremu 64, ndipo pa texture (chithunzi chonsecho) ya ma pixel 1024 mbali iliyonse, furemu iliyonse imakhala 128, zomwe pa foni n'zokwana. M'makona a chithunzi mopanda kanthu foni imapentamonso, choncho dula utsiwo ndi mesh (chimango cha chithunzicho) ya makona 8. Pa Renderer pali Max Particle Size, imabwera ili pa 0.5, itsitse kuti kamera ikayandikira utsi usadzaze sikirini yonse. Lights module uzimitse, kung'anima upange ndi sprite imodzi ya additive (kachithunzi koonjezera kuwala pa zimene zili kumbuyo kwake).

Chinanso, usayese foni itazizira. Sewera mphindi 15 kaye, makamaka ndi kutentha kwa Okutobala kuno, chifukwa foni ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha.

Mlongo_wa_Shader:
Zoona achimwene, koma ndionjezeko. Ngati gemu imangoti kakasi kamodzi kenako n'kupitiriza, mwina si overdraw ayi. Kumakhala kuti prefab (chinthu cha mu gemu chosungidwa mu fayilo) ikupangidwa ndi lamulo la Instantiate panthawi yophulikayo, kapena shader (kapulogalamu kouza GPU momwe ipentere) ikukonzedwa koyamba. Lumikiza foni ku Profiler, chida cha Unity choyezera liwiro, uone ngati nsonga ya pa girafu ili ku CPU, ubongo wa foni. Mankhwala ake ndi pool: konzeratu zophulika zisanu level ikamatseguka, uzizibwereza. Komanso pa mafoni otere khala pa Particle System yakaleyo, chifukwa VFX Graph, chida chatsopano cha ma particle, imafuna compute shader, imene si mafoni onse amaikwanitsa.

Chimene chimandipweteka mtima ndi ophunzira othera sabata pa texture n'kuiwala nthawi. Kuphulika kuli ndi ndondomeko: kung'anima mafuremu awiri kapena atatu, moto kutupa mwamphamvu n'kufooka, zothetheka kuuluka, utsi n'kutsalira sekondi imodzi kapena ziwiri. Zonse zikayambira limodzi n'kuthera limodzi zimaoneka ngati chibaluni. Ujambule kavidiyo, ukaone furemu ndi furemu, mitundu utaichotsa. Wosewera ayenera kudziwa pamene moto ukupweteka ndi pamene wathera. Ndipo uyese pa level ya masana, poti additive imasowa pa thambo lowala. Pamenepo premultiplied alpha, njira ina yosakanizira kachithunzi ndi zakumbuyo kwake, ndiyo imathandiza.

Wophunzira_Kabwata:
Zikomo kwambiri akulu anga. Overdraw ikuyeradi mbee pakati. Nanga ndidziwa bwanji kuti ndachepetsa mokwanira?

VFX_Chilenje:
Funsa amene akukuyang'anira kuti VFX (zinthu ngati kuphulika, moto ndi utsi) yapatsidwa ma millisecond angati pa furemu iliyonse. Pa 30 fps furemu yonse ndi 33, ndipo mukugawana ndi ena onse. Funsanso kuti mbiya zingaphulike zingati nthawi imodzi, uyese ndi nambala imeneyo, osati imodzi. Usanasinthe kanthu tsegula ma prefab amene anzako anapanga kale, utsate matchulidwe awo a mafayilo. Ndipo uzichita commit (kusunga zimene wasintha mu Git) magetsi asanapite, ma texture akulu adutse pa Git LFS, yosungira mafayilo akuluakulu.