Mafilimu a mizukwa osaonetsa mzukwa: amaopsa pati?

Wa ku Kawale: Akuluakulu, pali mafilimu a mizukwa aja oti ola lonse limatha osaona magazi kapena chilombo, kamera ikungoyenda pang'onopang'ono m'nyumba yakale. Ena amawatama kuti ndiye oopsa enieni, ena akuti ndi ogonetsa tulo. Chinsinsi chake chili pati, nanga munthu aonere bwanji kuti amve kukoma?

Mkonzi wa Mawu: Achimwene, mantha a mafilimu amenewa amalowera kukhutu. Pansi pa zochitika amaikamo kulira kwa besi kotsika kwambiri, kufupi ndi 20 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa liwu) pomwe khutu la munthu limalekezera. Simukuzindikira kuti mukumva kanthu, koma mtima sukhazikika. Kenako amadula kulirako mwadzidzidzi, ndipo bata limenelo ndi lomwe limaimitsa tsitsi. Sipika ya foni siitulutsa besi yotere, ndiye woonera pafoni watsala ndi zithunzi za makoma basi. Valani mahedifoni otseka khutu lonse, kapena lumikizani sabuufa, sipika ya besi ija. Pa TV zimitsani Night Mode ndi Auto Volume, chifukwa zimafananiza kunong'ona ndi kuphulika kwa chitseko. Ngati denga lanu ndi la malata, tsiku la mvula musavutike n'komwe.

Mayi a ku Area 25: Ndionjezepo za chithunzi. Wojambula amasiya dala mbali yaikulu ya sikirini ili mdima kapena chitseko chili pululu kumbuyo kwa munthu, kuti diso lanu lizifufuza lokha. Nthawi zina chinthucho chilipodi pakona, sichikugwedezeka. Vuto ndi makope obenetsa kumsika aja: filimu ya maola awiri aipanikiza kufika 300 MB, ndipo poyamba kuwonongeka ndi pamdima pomwepo, pamasanduka timabokosi totuwa. Pezani kope looneka bwino la 1080p, la 2 GB kapena kuposa. Pa makonzedwe a chithunzi, TV ichoke pa Vivid ipite pa Movie kapena Cinema. Brightness musaikweze, imasandutsa mdima kukhala phulusa. Filimu imajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi, choncho zimitsaninso zosalaza kayendedwe ka zithunzi, zotchedwa Auto Motion Plus kapena Picture Clarity pa Samsung ndi TruMotion pa LG, apo ayi mzukwa uyenda ngati wa m'sewero la pa TV. Magetsi a m'chipinda azime, foni ikhale kutali. Diso limafuna mphindi 20 kapena 30 kuti lizolowere mdima.

Wa ku Biwi: Zoona mayi, koma pena tisanamizire TV. Ena mwa mafilimuwa ndi ogonetsadi. Filimu yabwino imakupatsani lamulo msanga, monga kugogoda katatu usiku uliwonse, ndiye tsiku lina kugogoda kukhale kawiri, inu n'kumadikira kachitatu. Yopanda lamulo ndi utsi ndi nyimbo chabe. Komanso pewani omasulira m'Chichewa aja. Pa filimu ya nkhonya amakometsa, koma pano womasulira amalankhula pomwe pamafunika zii, mpaka kukuuziranitu kuti "taonani kumbuyoko".