Ndani angatithandize kupanga kiyibodi yathuyathu kuno ku Blantyre?

Abale anga, ndithandizeniko nzeru. Tilipo anthu asanu ndi awiri kuno ku Blantyre, ambiri ndife olemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo tagwirizana zosonkha ndalama kuti tipangitse kiyibodi ya mechanical (imene batani lililonse limakhala ndi switch yakeyake pansi pake) yofanana tonse. Ntchito yojambula anandisiyira ine.

Ndasankha ya 65%, yopanda manambala a kumbali koma mabatani a mivi alipo. PCB (bolodi lamagetsi la m'kati mwa kiyibodi) ndikujambula mu pulogalamu ya KiCad, ndipo ndikufuna ikhale ya hot-swap kuti munthu azisintha ma switch popanda kuwotcherera.

Chimene chandikhala pamtima ndi chilembo ŵ. Ndatopa kuchikopera pa intaneti nthawi iliyonse ndikafuna kulemba Malaŵi molondola. Alipo amene anachiikapo pa batani lakelake kudzera mu QMK (pulogalamu yoyendetsa mabatani a kiyibodi), n'kumatuluka bwino pa Windows ndi pa Linux pomwe? Munachita bwanji?

Kwina kwandithina ndi chibokosi cha kiyibodiyi. Cha aluminiyamu chochokera ku China n'chodula, ndalama zakunja nazo zikuvuta kupeza. Kodi ku Ginnery Corner kapena ku Limbe kuli amene amadula pulasitiki ya acrylic ndi laser osaphonya muyezo? Nanga inu munaitanitsapo ma PCB, msonkho umapepuka tikaitanitsa katundu yense pamodzi kapena aliyense payekha?