Amayi akukaikidwa chitsulo m'chiuno, ndikawafunse chiyani adokotala?

Wachisamba wa ku Chawama:
Abale, ndithandizeni nzeru. Amayi anga, a zaka 67, ndinawatenga ku Katete chifukwa nyamakazi yadya fupa la m'chiuno kumanzere, moti usiku sagona. Adokotala a mafupa akuti achotse mutu wa fupalo, aikepo chitsulo. Lachinayi tikaonana nawonso tisanapatsidwe tsiku la opaleshoni. Vuto ndi loti amayi akalowa mmenemo amangoti "inde adokotala" pa chilichonse, ine mutu umaima, mafunso ndimawakumbukira tili kale m'minibasi. Ali ndi shuga ndi BP. Amene munadutsamo, ndilembe chiyani pa pepala?

Amake Mapasa, Matero:
Pepani ndi matenda, achemwali. Apongozi anga aamuna anapangidwa zomwezi. Ine ndikuti musathere nthawi yonse pa za tsiku la opaleshoni, zimenezo ndi za eni ntchito. Funsani za kunyumba, chifukwa kumeneko ndi kwanu. Adokotala sadziwa kuti chimbudzi chanu n'chotani mukapanda kuwauza. Ife anatiletsa kwa masabata 6 kuti bambo asapinde chiuno kwambiri, asasanjikize miyendo, asakhale pa mpando waufupi, poopa kuti chitsulo chingaguluke. Ndiye taganizani chimbudzi chonyonyomala! Tinachita kukhometsa mpando wobooka pakati kwa kalipentala. Funsani ngati lamulo limeneli likukhudzanso amayi, poti zimatengera mbali imene adokotala ang'ambira. Funsaninso za kukhala pamphasa, kuwerama pa mbaula, kugwada kutchalitchi, ndiponso kuti khasu adzaligwiranso liti. Amayi a kumudzi mumawadziwa, akangomva bwino pang'ono muwapeza akusesa pabwalo.

Mnyamata wa fizo:
Ndimagwira ntchito yophunzitsa odwala kuyenda. Amake Mapasa anena zoona, koma shuga musamuiwale. Shuga wokwera amachedwetsa bala kupola ndipo amaitana mafinya, ndipo tizilombo tikafika pa chitsulo nthawi zina pamafunika opaleshoni ina. Funsani kuti akufuna shuga atsike kufika pati, komanso amwe bwanji mankhwala m'mawa wa tsikulo popeza sadzadya. Tengani mankhwala onse m'thumba mukaonetse, ngakhale a zitsamba, musachite manyazi. Aspirin ndi warfarin makamaka, poti amachedwetsa magazi kuundana, adokotala anene okha ngati asiye ndi tsiku losiyira. Ngati ali ndi dzino lobooka kapena chilonda pamwendo, nenani tsopano.

Kenaka funsani: adzawagonetsa tulo kapena jekeseni ya pamsana? Adzawapatsa chiyani choteteza magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, kwa masiku angati? Ambiri timawaimiritsa ndi ndodo tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndiye dziwani kuti fizo akazachitira kuti akatuluka. Ulendo wa ku Katete pa basi ndi wautali, asathamangire kubwerera adokotala asanalole.

Bambo wa ku Chilenje:
Ndalama, mayi. Funsani mtengo wa chitsulo pachokha, ndipo ngati ali pa NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, akuuzeni chimene ikulipira ndi chimene mulipire nokha, akulembereni. Chachiwiri, chitsulocho chilipo kale kapena achita kuitanitsa? Za magazi funsaninso, mwina abale angafunike kukapereka. Ine langa ndi bondo, osati chiuno, ndipo ndinafunsa mosabisa kuti opaleshoni yotere amaichita kangati pa chaka. Sanakwiye. Anandiuzanso kuti zitsulozi zambiri zimatha zaka 15 mpaka 20.

Wachisamba wa ku Chawama:
Zikomo nonse, pepala ladzaza. Chimbudzi chathu n'chadzenje ndipo timagawana ndi anansi, ndiye mawa ndikaonana ndi kalipentala. Achimwene a fizo, nanga akatuluka, ndi zizindikiro ziti zoti ndikaona ndithamange nawo kuchipatala osadikira tsiku la riviyu?

Mnyamata wa fizo:
Kutentha thupi, bala kufiira kapena kutuluka madzi, katumba kutupa ndi kuwawa, mwendo kufupika mwadzidzidzi n'kulephera kuponda. Akayamba kubanika kapena kumva kuwawa pachifuwa, pezani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Lachinayi mupemphenso nambala yoimbira zikatere.