Mwana akayamba kutengera anzake kunyanja kuno, kholo liyambire pati?

Mayi wa ku Maganga

Moni nonse. Funso langa likupita kwa aphunzitsi, azaumoyo ndi onse amene mumakhala ndi achinyamata kuno ku Salima. M'magulu athu a amayi a pasukulu, nkhani imene ikubwerabwera ndi ya ana a Sitandade 7 mpaka Fomu 2 amene amasintha akangolowa gulu latsopano: kujomba, kugona kudoko, mowa wa m'timabotolo, atsikana kupezeka ndi foni yosadziwika kochokera. Makolo ambiri amadziwa njira ziwiri zokha, chikoti ndi kumusamutsira mwana kwa achibale ku Lilongwe, koma sizikuthandiza. Tingadziwe bwanji msanga, ndipo kholo lichite chiyani? Tikufuna zoti tikawauze makolo pamsonkhano wa PTA.

Mphunzitsi wa ku Chipoka

Mayi, choyamba auzeni makolo kuti mwana sakokedwa ndi mawu okha. Chimamumanga ndi ngongole ndi manyazi. Masiku oyamba salipira kanthu: mnzake amugulira tchipisi pachiwaya, amulowetsa ku vidiyo, amupatsa kandalama kobetchera mpira. Pakapita masabata angapo amamuuza kuti "lero ndi iweyo". Ndalama alibe, ndiye amatapa chimanga m'thumba kunyumba, kapena amajomba n'kukakoka khoka. Akakana, amutcha wotsalira, mwana wa amayi, gulu lonse likumva. Kwa mwana wa zaka 14 kusekedwa kumawawa kuposa chikoti, pakuti ululu wa kunyumba umatha usiku womwewo, koma anzake aja akumana nawonso mawa.

Musadikire zotsatira za mayeso. Tsegulani kope la masamu muone madeti. Ngati notsi zilipo za m'mawa zokha, mwanayo akumathawa pa buleki. Onaninso m'chikwama ngati muli malaya osinthira. Kwa anyamata, pemphani aphunzitsi a kalasi akuonetseni kaundula, muyerekeze masiku ojomba ndi mwezi wakumwamba. Usipa amaupha usiku ndi nyali, ndipo umagwidwa kwambiri mwezi ukakhala mumdima. Mnyamata amene amasowa masiku amenewo n'kumaoneka mwezi ukawala, dziwani kuti ali ndi alovi, anthu ogwira ntchito yopha nsomba panyanja.

Mukazindikira, musamuyambe usiku umene wafika mochedwa. Dikirani mawa lake, ndipo ayankhule naye munthu mmodzi amene amamasuka naye, kaya amalume kaya azakhali, osati bwalo la banja lonse. Funso la "chifukwa chiyani ukuchita zimenezi" alibe nalo yankho. Mufunseni kuti ali ndi ngongole kwa ndani komanso ya ndalama zingati. Ngati ilipo, wamkulu akaibweze yekha m'manja mwa mwini wake, ndalama isadzere mwa mwana. Kenako tsekani nthawi ya pakati pa 2 koloko ndi 6 koloko madzulo, chifukwa zambiri zimachitika pamenepo, makolo ali kumunda kapena ku geni. Mupatseni ntchito yokhala ndi malo ndi munthu womuyembekezera.

Kusamutsa kumalephera chifukwa mwana amafika kumalo atsopano alibe mnzake, ndipo gulu lofulumira kulandira mlendo nthawi zambiri ndi lomwe lija mukuthawalo. Gulu lakale nalo amapita nalo pa WhatsApp.

Namwino wa ku Khombedza

Aphunzitsi anena zoona. Kwa atsikana, wowakoka kawirikawiri ndi mtsikana mnzawo. Iyeyo ndiye amanyamula uthenga wa chidyamakanda, kaya wa kabaza kaya wogula nsomba, ndipo naye amadyapo. Ali pachiopsezo kwambiri ndi aja amachita lendi tizipinda pafupi ndi sekondale yoyendera (CDSS) n'kumadziphikira. Makolo amawapatsa ufa ndi ndalama potsegulira temu, pofika pakati pa temu zatha, ndiye mnzake amati "usavutike, ndikudziwa munthu". Bwino kumatumiza ufa, sopo, mafuta odzola ndi mapadi pang'onopang'ono, masabata awiri aliwonse, ndipo wamkulu azifikako mosapanganika. Kafukufuku wa dziko lonse wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo (MDHS) wa 2015-16 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 m'dziko muno anali atabereka kale kapena ali ndi pakati, choncho kholo lisamati wanga sangatero.

Ichi mukachitsindike pamsonkhanopo. Mwana akagonedwa mosadziteteza, afike kuchipatala pasanathe maola 72. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayambidwa m'nthawi imeneyi n'kumwedwa masiku 28, ndipo mapiritsi oletsa pakati mwadzidzidzi nawo amagwira bwino akamwedwa msanga. Chimene chimalakwika n'chakuti mabanja amatha masiku akukambirana za chindapusa ndi kwawo kwa mwamuna, pofika kwa ife nthawi yadutsa.

Mowa wa m'timabotolo mphamvu yake imatha kufika 40 peresenti, ndipo ana amapikisana kumwa mopanda chakudya m'mimba. Mwana akakomoka ndi mowa mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, musamumwetse mkaka kapena madzi mokakamiza, thamangirani naye kuchipatala. Woledzera asayandikire bwato kapena kusambira. Za chamba, makolo ena akusokonezeka ndi lamulo la 2020: linalola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi chiphaso, kusuta n'koletsedwabe. Kuyamba kusuta uli wamng'ono kumakulitsa chiopsezo cha matenda a maganizo. Mwana akasiya kugona, akuyankhula yekha, akukayikira aliyense, musamumange zingwe, bwerani naye.

Wa komiti ya kudoko, Senga Bay

Ine ndisiyane nanu maganizo pang'ono, akuluakulu. Tikuloza ana anzawo, koma kumbuyo kwa gulu lililonse kuli munthu wamkulu amene akupindula: mwini khoka la chilimira wotenga ana asukulu chifukwa sawerengera malipiro, wogulitsa mowa amene safunsa zaka, mwini vidiyo wotsegula nthawi ya sukulu. Mawu oti nsomba ikaola imodzi zonse zaola timawanenera ana, koma ayi ndithu, ana ambiri m'magulu amenewa amafuna kutuluka, akungoopa kukhala oyamba.

Makolo a ana a gulu limodzi akumane okhaokha, agwirizane ola limodzi lofikira pakhomo. Mukaletsa wanu yekha amasekedwa, mukaletsa onse asanu palibe woseka mnzake. Mukatero pitani kwa agulupu ndi komiti ya kudoko, mupemphe kuti malamulo a m'mudzi azilipiritsa mwini maukonde amene wapezeka ndi mwana wasukulu usiku.

Mnyamata amene wazolowera kugwira ndalama simungamudule lero ndi lero. Muloleni athandize kuyanika nsomba pathandala Loweruka masana kapena pa holide, ndipo gawo la ndalamayo amayi ake azimusungira ku banki m'khonde iye akudziwa. Matimu a mpira nawo amathandiza ngati kochi waika lamulo loti wojomba sabata imeneyo sasewera. Pamenepo anzake omwewo ndi amene amamudzutsa m'mawa, poopa kusowa goloboyi.

Mayi wa ku Maganga

Zikomo kwambiri nonse. Nanga mwanayo payekha, anzake atamuzungulira, aziyankha chiyani? Ndipo amene watenga kale pakati, sukulu yathera pomwepo?

Mphunzitsi wa ku Chipoka

Aziyankha mwachidule n'kuchokapo, chifukwa akayamba kufotokoza amamugonjetsa. Mulolezeni kuti azikunamizirani inuyo: "amayi amandinunkhiza ndikafika", "amalume akundidikira". Yesererani naye pakhomo, inu mukhale ngati mnzake womukakamiza, mpaka mawuwo azituluka osaganizira. Ngati ali ndi foni, gwirizanani kuti akakufulashani kawiri mumuimbire n'kumuitana kunyumba, ndipo akafika musamufunse mafunso tsiku lomwelo, apo ayi sadzafulashanso.

Wapakati sukulu siinathe. Ndondomeko ya Unduna wa Zamaphunziro imalola mtsikana kubwerera akabereka. Kholo lipite naye kwa ahedi, alembe kalata yosungitsa malo, asangosowa mwakachetechete. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho kumukwatitsa kuti muchotse manyazi n'kulakwira lamulo. Ngati wam'patsa pakati ndi munthu wamkulu, kanenani ku Victim Support Unit kupolisi kapena ku ofesi ya Social Welfare ku boma. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo mwana akhoza kuimba yekha.