Thandizeni maganizo: ndikufuna kukakweza makolo anga sitima yapamadzi ku Durban nyengo ya masika

Wofunsa (dzina labisidwa), Mzuzu:

Moni nonse a pa gulu lino. Ndapempha oyang'anira gulu kuti andibisire dzina chifukwa abale anga ena ali pompano. Bambo ndi mayi anga akukwanitsa zaka 40 ali pa banja, ndipo ana awofe tinagwirizana kuti m'malo mwa phwando tiwapititse ku Durban akakwere sitima yapamadzi, ija imayenda m'mbali mwa gombe mpaka ku Mozambique n'kubwerera. Bambo anaphunzitsa nthawi yaitali ku Nkhata Bay, ndipo chiyambire amanena kuti akufuna adzaone nyanja yamchere maso awo akadali akuona bwino. Tinasankha nyengo ya masika, mvula ikamatha, chifukwa ndi pamene ine ndingapeze tchuthi, ndipo wowaperekeza ndine.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi chakuti achimwene anga a ku Johannesburg, amene anayambitsa okha nkhaniyi pa maliro a azakhali athu, tsopano sakuyankha mafoni. Alamu anga akuuza anthu kuti ndalamazi bola zikanamalizira mpanda wa nyumba ya makolo ku Ekwendeni, pamene iwowo sanaikepo ngakhale njerwa imodzi. Mng'ono wanga naye akuti ine ndikungofuna kuti a kutchalitchi andione. Dipoziti ndinapereka kale kwa ejenti wina, amene poyamba ankandiimbira m'mawa ndi madzulo, koma lero ndikamulembera amangoti ndidekhe. Mayi amaopa madzi kwambiri, ndipo bambo ali ndi BP komanso shuga.

Ndiye ndikufunsa kwa amene munayendapo: tipite pa basi kapena pa ndege? Nyanja imakhala yotani nyengo imeneyi? Titenge ndalama zanji, ndipo tisankhe chipinda cha mbali iti? Chonde musandinyoze, ndathedwa nzeru.

Mayi wa ku Katoto:

Achemwali, cholinga chanu ndi chabwino ndipo makolo anu adzakudalitsani, koma simunatiuze tsiku limene sitimayo ikunyamuka, komanso simunanene ngati mapasipoti a nonse atatu alipo ndiponso kuti akutha liti. Popanda zimenezi palibe amene angakuthandizeni mokwanira.

Bambo wa ku Chiputula:

Ine nkhaniyi yandikhudza kwambiri ndipo ndilankhula mosabisa. Kodi tinalodzedwa ndi yani ife Amalawi, kuti munthu wokhala ku Mzuzu, pamene Nkhata Bay ili pafupifupi makilomita 50 okha, akasake madola ovuta kupeza kuti akaone madzi a eni ake? Ilala ilipo, mwana wanga. Sitima imeneyi inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951. Kwezani akuluakuluwo pa Nkhata Bay, muwatengere chipinda chapamwamba, apite ku Chizumulu ndi ku Likoma akaone tchalitchi chachikulu cha St Peter's, kapena alowere kumpoto akaone mapiri otsikira m'madzi a ku Usisya ndi Ruarwe. Malichi ndi Epulo mwera umakhala usanalimbe. Ndalama yotsalayo mumalizire mpanda, chifukwa pamenepo alamu anu sanalakwitse.

Mmalawi wokhala ku Durban:

Bambo a ku Chiputula, munthu waphunzitsa ku Nkhata Bay zaka zambirimbiri, ndiye mukuganiza kuti Ilala sanaikwerepo? Iye wanena kuti akufuna nyanja yamchere. Achemwali, ine ndimakhala kuno ndipo sitimazi ndimaziona zikulowa ndi kutuluka. Kampani imene imayendetsa maulendo ambiri oterewa ndi MSC, ndipo nyengo yake imayamba cha mu Novembala n'kutha cha mu Epulo, sitima ikamabwerera ku Ulaya, choncho ngati masika anuwo mukutanthauza Meyi, mufufuze bwino ngati ulendowo ulipodi. Maulendo afupiafupi amakhala a mausiku atatu kapena anayi, kupita ku Portuguese Island, pafupi ndi chilumba cha Inhaca kunja kwa Maputo, kapena ku Pomene m'chigawo cha Inhambane. Pokwerera pake ndi Nelson Mandela Cruise Terminal, kudera la Point, pafupi ndi uShaka Marine World. Bwalo la ndege la King Shaka lili makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda, ndipo popeza doko la Durban ndi limodzi mwa madoko otanganidwa kwambiri mu Africa, tsiku lokwera sitima misewu ya kumeneko imadzaza. Mufike dzulo lake, mugone, m'mawa mupite mosathamanga.

Bambo wa ku Chiputula:

Inu a ku Durban, n'zachidziwikire kuti muyamikira kumene mukudyera. Mwatchula malo okongola koma simunatchule namondwe. Idai anaphwasula Beira mu Malichi 2019, Kenneth anatsatira mu Epulo chaka chomwecho, ndipo Freddy, amene anatilirisa ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, anabwera mu Malichi 2023. Onsewa anachokera m'nyanja yomweyo imene mukufuna kuikamo mayi woopa madzi. Ngakhale Durban yanuyo inasefukira mu Epulo 2022 ndipo anthu oposa 400 anafa. Kodi ndikunama?

Mmalawi wokhala ku Durban:

Simukunama, bambo, nyengo ya anamondwe imafikadi mpaka kumapeto kwa Epulo, koma oyendetsa sitima amaona zanyengo masiku angapo zisanachitike ndipo amasintha njira. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi chakuti, popeza ku Portuguese Island ndi ku Pomene kulibe doko, sitima imaima patali ndipo anthu amapita kumtunda pa timaboti, choncho mafunde akakula tsiku limenelo salola aliyense kutsika. Achemwali awauziretu makolo zimenezi kuti asadzakhumudwe. Ndipo ngati tayamba kuwerenga ngozi, musaiwale kuti sitima ya Vipya inamira pa nyanja yathu yomweyi mu 1946 ndipo anthu ambiri anafa, pamene sitima ya Oceanos itamira mu 1991 ikubwera kuno ku Durban, anthu onse anapulumutsidwa.

Mnyamata wa ku Luwinga:

Amayi, ngati achimwene anu akupitiriza kubisala, ine ndili wokonzeka kulowa m'malo mwawo pa banja lanu, ndipo masutikesi a agogo ndidzanyamula popanda kudandaula.

Woyendetsa thiraki wa ku Mchengautuwa:

Pa funso la basi ndiye ndingayankhe, chifukwa msewu umenewo ndi kuntchito kwanga. Basi yochoka kuno imadzera ku Tete, n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare mpaka pa Beitbridge, kenako Johannesburg, ndipo pofika pamenepo mumakhala mutatsala ndi makilomita ena oposa 550 kuti mufike ku Durban. Nthawi ya Pasaka pa Beitbridge pamakhala chinamtindi cha anthu. Ine ndinaperekezapo apongozi anga pa basi ya kampani ina, imene inawonongeka titangodutsa mlatho wa Zambezi. Tinakhala pambali pa msewu dzuwa lili pamutu, madzi akumwa anatithera, ndipo apongoziwo miyendo inatupa mpaka nsapato zinakana kulowa, moti anafika ku Johannesburg atavala masokosi okha. Ukwati umene tinkapitira tinaupeza utatha. Munthu wa shuga musamuyese zimenezi. Pitani ku Lilongwe, mukwere ndege pa Kamuzu International Airport mpaka Johannesburg, kenako ina ya ku Durban.

Mayi wa ku Zolozolo:

Ine chimene chandiwawa ndi nkhani ya alamu. Akazi ena akangolowa pa banja amafuna azilamulira ndi ndalama za anthu ena zomwe. Zinandichitikira ine pamene tinkasonkha zogulira mayi athu malata, ndipo mpaka lero sitilankhulana bwino. Achemwali, musalole kuti munthu wobwera akuuzeni mmene mungalemekezere makolo anu. Koma nanunso munafulumira kupereka ndalama achimwene anu asanaike yawo.

Bambo wa ku Chiputula:

Amayi a ku Zolozolo, mlamu ameneyo ndi yekhayo amene akuwerengera bwino pa banja limeneli. Tiyeni tinene za ndalama. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndani mwa inu amene analowa mu banki n'kutuluka ndi madola onse amene ankafuna? Tikiti ya ndege anthu atatu, malo ogona ku Durban, tekisi, sitimayo, zonsezi ndi ndalama zakunja. Pa Ilala mumalipira makwacha, chambo mumadya chapompo, ndipo ndalama yanu imatsala m'manja mwa Amalawi anzanu. Achinyamata a masiku ano mukufuna zithunzi zoika pa Facebook basi, ndipo makolo mumangowagwiritsa ntchito ngati chifukwa.

Namwino wa ku Chibanja:

Bambo, mwalankhula mokwanira, tsopano lolani kuti ena athandize. Achemwali, bambo anu akaonane ndi dokotala wawo ulendo usanafike, ndipo atenge kalata yofotokoza matenda awo ndi mankhwala amene amamwa. Mankhwalawo akhale m'mapaketi ake, okwanira masiku onse ndi ena apadera, ndipo akhale m'kachikwama ka m'manja, chifukwa masutikesi akuluakulu amawatenga polowera n'kudzawabweretsa kuchipinda patapita maola. M'sitima muli chipatala chaching'ono koma ndi cholipira, ndipo si chotchipa, choncho inshuwalansi ya paulendo muyiwerenge ngati ikukhudza matenda amene munthu anali nawo kale. Za mayi anu, sankhani chipinda chapakati pa sitima komanso cham'munsi, chifukwa kutsogolo ndi pamwamba ndi kumene kumagwedezeka kwambiri. Mankhwala oletsa nseru amagwira bwino akamwedwa chizungulire chisanayambe, ndipo akamva mutu ukuzungulira atuluke panja ayang'ane patali pamene madzi akumana ndi thambo. Chakudya m'sitimazi chimakhala chambiri tsiku lonse, ndiye mbale ya bambo muziiyang'anira.

Mayi wa ku Katoto:

Ndikubwerezanso funso langa, chifukwa laphimbika ndi mkangano wa Ilala. Mapasipoti akutha liti?

Woyendetsa thiraki wa ku Mchengautuwa:

Amayi a ku Katoto, pamenepo palibe chovuta. Mmalawi amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30, bola pasipoti ikhale ndi masamba osadindidwa ndiponso isathe pasanapite masiku 30 kuchokera tsiku limene akutuluka m'dzikomo.

Mmalawi wokhala ku Durban:

Achimwene, lamulo mwatchulalo ndi la South Africa yokha. Sitimayi ikulowa m'madzi a Mozambique, kumene amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo a sitima amayang'ana zimenezi polowera, ngakhale munthu atanena kuti sadzatsika. Ndiwonjezerenso za ejenti uja. Amuuze apereke nambala ya malo amene anawasungira, ndipo achemwali alembere okha kampani ya sitimayo kuti atsimikize kuti mayina atatuwo alimo ndiponso alembedwa monga mmene alili m'mapasipoti. M'sitima ndalama sizigwiritsidwa ntchito m'manja, mumapatsidwa khadi imene imakhalanso kiyi wa chipinda, ndipo zonse zimene mwagula zimalembedwa pamenepo m'madola a ku America. Chakudya chili m'kati mwa mtengo wa tikiti, koma zakumwa zambiri, intaneti ndi ndalama ya tsiku ndi tsiku ya antchito muzifunse ngati zawerengedwa kale. Khadi ya ku banki yanu muionetsetse kuti ikugwira kunja ndiponso malire ake ndi otani.

Bambo wa ku Chiputula:

Taonani mndandanda wa mavuto umene mwaulemba nokha. Ejenti, madola, inshuwalansi, khadi, namondwe. Ine sindinawonjezerepo kanthu.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka anamwino ndi achimwene a ku Durban. Ejenti uja ndamulembera za nambala ija ndipo wati anditumizira. Sitima ikunyamuka sabata yoyamba ya Epulo. Basi ndayisiya, tipita pa ndege, ngakhale ndiyenera kubwereka ku banki m'khonde ya kuntchito. Achimwene anga aimba usiku wathawu, koma m'malo monena za ndalama amandifunsa chifukwa chimene ndikuwayalutsira pa gulu, kutanthauza kuti alamu awerenga uthengawu ndipo andizindikira. Bambo a ku Chiputula, ine sindikufuna zithunzi, ndikufuna bambo anga aone chimene akhala akuchilakalaka moyo wawo wonse. Za mapasipoti, yanga ili bwino. Ya bambo ili m'sutikesi yawo ku Ekwendeni, anapangitsa pamene ankapita ku msonkhano wa aphunzitsi ku Zambia asanapume pa ntchito. Mayi ndiye asangalala kwambiri chifukwa chibadwire sanatulukepo m'Malawi. Funso langa lina ndi la zovala: kodi chitenje amalola pa chakudya chamadzulo?

Mayi wa ku Zolozolo:

Chitenje avale ndithu, ndipo asokerenso duku lake. Alamuwo asiyeni awerenge, mwina aphunzirapo manyazi.

Bambo wa ku Chiputula:

Popita ku Likoma pa Ilala palibe amene amafunsa pasipoti.

Mayi wa ku Katoto:

Achemwali, siyani kaye za chitenje. Mwanena kuti mayi sanatulukepo m'dziko muno, ndiye kodi pasipoti ali nayo? Pasipoti ya munthu wamkulu imakhala zaka 10, ndipo ngati bambo anapangitsa yawo asanapume pa ntchito, n'kutheka kuti inatha kale kapena siifika Okutobala, umene ndi mwezi wofunika kwa ulendo wa mu Epulo. Ekwendeni si patali. Mawa m'mawa pitani mukatsegule sutikesiyo muone tsiku lake ndi maso anu, mutenge ziphaso zawo za unzika, ndipo mupite nawo onse awiri ku ofesi ya Immigration kuno ku Mzuzu mukafunse nthawi imene pasipoti ingatulukire. Musagule matikiti a ndege kapena kuwonjezera ndalama kwa ejenti musanamve yankho limenelo, ndipo mumufunse ejentiyo, molemba, tsiku lomaliza limene mungasinthe ulendo kapena kubwezeredwa dipoziti.