Albicans kapena dubliniensis? Germ tube yandisiya panjira

Wamulabu_Kasungu:
Anzanga a m'malabotale, ndithandizeni nzeru yosiyanitsira mitundu iwiri ya fangasi wa Candida, albicans ndi dubliniensis. Ndili ndi swab (kathonje kopukutira m'kamwa) ya mayi wina amene ali pa ma ARV. Lilime ndi m'masaya mwayera ngati mwapakidwa chambiko, nsima akulephera kudya. Fluconazole, mankhwala a fangasi, walandira kawiri, koma zikubwerera. Ndinadzala pa agar wa Sabouraud (chakudya chomeretsera fangasi m'mbale za mu labu), zamera zoyera zosalala. Mu serum (madzi a m'magazi) pa 37°C, germ tube (kamchira kophuka pa selo ya fangasi) yatuluka patangotha maola awiri. Ndinatsala pang'ono kulemba Candida albicans, koma mtima sukundilola, poti dubliniensis nayonso imatulutsa germ tube, ndipo inapezeka koyamba m'kamwa mwa anthu a HIV omwewa, ku Dublin mu 1995. PCR, yoyezera DNA, tilibe. Nditani?

Achemwali_a_pa_Boma:
Yesani kutentha, achimwene. Dzalani mbale ziwiri, ina pa 37°C ina pa 45°C, mudikire maola 48. Albicans imamera konse, dubliniensis pa 45 imakanika. Koma albicans ina nayonso imafooka pamenepo, ndiye kusamera kokha musakukhulupirire. Ndipo magetsi akazima usiku, yambiraninso.

Mdala_wa_Mchinji:
Mwana wanga, ukukhala ku Kasungu n'kumasowa chosiyanitsira? Fodya ali m'zigafa ponseponse! Pali agar wa fodya. Tenga magalamu 50 a fodya wouma, uwiritse mu lita imodzi ya madzi kwa mphindi 30, usefe ndi gauze, uthire magalamu 20 a agar, kenako mu autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi). Ukadzala, usunge pa 28°C masiku awiri kapena atatu. Albicans imakhala yoyera, yosalala. Dubliniensis imachita khakhalakhakhala, yachikasu chopita kukhofi, m'mphepete muli timaulusi ngati ndevu, ndipo pa maikulosikopu chlamydospore (timaselo tobulungira ta khungu lochindikala) zimadzaza. Tsiku loyamba kuziona ndinaitana aliyense mu labu kuti adzasuzumire. Nthangala za mpendadzuwa nazonso zimapanga agar wogwira ntchito yomweyi. Chokhacho, fodya wakumunda sangafanane ndi amene anayesera ofufuza, choncho udzale pambali albicans yodziwika kale kuti uzifananiza.

Kiliniko_Santhe:
Ine sindine wa labu, koma ndinene za wodwalayo. Dubliniensis yambiri imamvera fluconazole, ndiye dzina lokha silingafotokoze chifukwa chake zikubwerera. Viral load ndi CD4 mwaona liti? Mumufunsenso ngati akumva kuwawa pomeza, mwina zatsikira kummero. Komanso m'kamwa mumatha kukhala mitundu iwiri pamodzi, monga krusei imene fluconazole saigwira n'komwe. Pa CHROMagar, agar wosiyanitsa mitundu ndi maonekedwe, krusei imaoneka yapinki, pamene albicans ndi yobiriwira.

Wamulabu_Kasungu:
Zikomo nonse. Za mitundu iwiri sindinaziganize, ndinangotola colony (kamulu ka fangasi womera) imodzi. Ndidzalanso kuchokera pa mbale yoyamba ija, ndipo za viral load ndawauza kale a ku ART. Adala, fodya wa bale ndapempha kwa amalume ku Chamama, afika Lachisanu.